Kodi makompyuta andidyera ndalama za masheya?

FUNSO: Akonzi, ine ndimagwira ntchito ku esiteti ya tiyi kuno ku Thyolo ndipo ndinagulako timasheya ta Airtel ndi FDH pa Malawi Stock Exchange. Mphwanga wa ku Joni akuti masiku ano ogula ndi kugulitsa masheya ndi makompyuta, munthu usanaphethire n'komwe zatha kale, ndiye akuti ife tikungotaya ndalama. Zoona zimenezi?

YANKHO: Achimwene, mphwanuyo sakunama, koma akukamba za ku New York ndi London. Zimenezo amati high frequency trading. Mukudziwa mavenda aja amachingamira alimi panjira asanafike pa msika wa Bvumbwe, kugula tomato motchipa n'kukagulitsa pomwepo ataonjezera kangachepe? Ndi zomwezo, kungoti kompyuta imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, phindu lake kadontho kadontho koma pakutha pa tsiku chidebe chadzadza. Mu 2010 kampani ina inafika pokumba ngalande n'kuyalamo chingwe cha intaneti kuchoka ku Chicago mpaka ku New Jersey kuti uthenga uzifika msanga ndi kachigawo kochepetsetsa ka sekondi basi.

Zikalakwika zimalakwikanso mothamanga. Pa 6 May 2010 Dow Jones, muyezo wa mitengo ya masheya a makampani akuluakulu a ku America, inagwa ndi mapointi pafupifupi 1,000 m'mphindi zochepa kenako n'kukweranso, ndipo mu August 2012 kampani yogula ndi kugulitsa masheya ya Knight Capital inataya madola 440 miliyoni m'mphindi 45 chifukwa pulogalamu yawo inasokonekera. N'chifukwa chake ku America msika amauimitsa kaye ukatsika ndi 7 peresenti, kuti anthu apume aganize, ndipo ine lamulo limeneli ndimaligwirizana nalo kwambiri.

Koma kwathu kuno nkhawa yanga ili pena. Msika wa ku Blantyre ndi waung'ono, makampani ndi owerengeka, ndipo vuto si liwiro ayi, ndi kusowa wogula. Mutha kufuna kugulitsa lero chifukwa fizi ya mwana yakupanikizani, broker (wokugulitsirani masheya uja) n'kukuuzani kuti dikirani kaye, kapena wogula alipo koma akufuna motsika. Ndiye ndalama ya fizi ndi ya feteleza musaike ku masheya chonde, ndipo pogulitsa muzimuuziratu broker mtengo umene simukufuna kutsikirapo.

Chinanso, wina akakutumizirani pa WhatsApp kuti ali ndi "loboti" yopanga phindu tsiku ndi tsiku, yambani mwafunsa ku Reserve Bank ngati ali ndi chiphaso musanatumize olo 1 kwacha.