Anditumiza ku Chizumulu, ndikonzekere bwanji?

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo anditumiza kukagwira ntchito pachilumba cha Chizumulu. Chibadwire sindinakwerepo ngakhale bwato. Moyo wake ndi wotani kumeneko? — Mphunzitsi wa ku Dedza

Yankho: Aphunzitsi, musade nkhawa, ine ndinakhalako zaka zitatu. Chizumulu ndi kachilumba kamapiri m'boma la Likoma, kozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Mukakwera sitima ya Ilala ku Nkhata Bay, ndipo imadutsa kamodzi pa sabata popita, kamodzinso pobwerera. Ikachedwa, sopo ndi shuga zimakwera mtengo m'magolosale.

Nthaka ndi yamiyala, chimanga sichichita bwino. Anthu amadalira chinangwa, choncho zolowerani kondowole. Ine sabata yoyamba inkandikanirira pakhosi, koma ndi usipa wa tsiku lomwelo ndinaiwala mgaiwa. Ngati simungathe, nyamulani thumba la ufa.

Chimene chinkandisowetsa tulo ndi matenda. Wodwala kwambiri amamuwolotsa pa boti kupita kuchipatala cha St Peter's ku Likoma, ndipo mwera ukaomba mu June ndi July nyanja imakalipa zedi. Mankhwala amene mumamwa nthawi zonse mugulire kumtunda konkuno, neti yaudzudzu musaiwale.