Mwana akufuna za mafilimu, a chipani ayamba kale kumuitana

Mayi ena a ku Chipoka, m'boma la Salima, andilembera kuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 akufuna kudzakhala katswiri wa mafilimu. Pa sewero la kusukulu anadzudzula makolo okwatitsa ana aang'ono, anthu n'kuwomba m'manja. Tsopano a chipani china akumuitana kuti azikasewera pa misonkhano yawo, ndipo amupatsa kale nsalu ndi ya sopo. Mayiwa akufunsa ngati amuletse.

Mayi, zisudzozo musamuletse. Zimene ananena pa sewerolo n'zoona, ndipo lamulo lili kumbali yake: mu 2017 aphungu anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti pasakhale ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi nsaluyo.

Ndikuuzeni za Glenda Jackson wa ku England. Anabadwa mu 1936 ku Birkenhead, bambo ake anali mmisiri womanga nyumba. Atachoka pa sukulu ankagulitsa mu sitolo ya mankhwala ya Boots, kwinaku akusewera m'kagulu ka zisudzo ka kwawoko. Mu 1954 anapeza mwayi wokaphunzira ku sukulu ya zisudzo ya RADA, mu mzinda wa London, ndipo atamaliza anasauka ndithu kusaka ntchito. Patapita zaka anapambana mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar kawiri, mu 1971 ndi mu 1974. Maganizo ake pa ndale sankabisa, koma ku Nyumba ya Malamulo analowa mu 1992, ali ndi zaka 55, kudzera ku chipani cha Labour. Mafilimu anawasiyiratu, nakhala phungu zaka 23. Anabwerera ku zisudzo mu 2016 ali ndi zaka 80.

Taonani ndondomeko yake, mayi. Anayamba ndi luso, luso linamupatsa dzina ndi chakudya, ndiye polowa ndale panalibe woti n'kumugula pakamwa. Ngakhale kwathu kuno, a Michael Usi tinawadziwa zaka zambiri ngati Manganya, akugwiranso ntchito ku bungwe lothandiza anthu la ADRA, asanakhale wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024.

Mwana wanu sanafike n'komwe pa msinkhu wovota. Akavala nsaluyo lero, wina amujambula pa foni, kanemayo akhala pa Facebook mpaka kalekale, ndipo mawa akadzadzudzula choipa anthu adzati watumidwa. Zimandipweteka kuona mtsikana wa mawu amphamvu chonchi akusanduka wovinira anthu ena.

Ndiye atani? Alimbikire MSCE, apeze makirediti 6 kuphatikizapo Chingerezi, chifukwa ku University of Malawi ku Zomba amaphunzitsa zisudzo. Akhalebe m'kalabu ya zisudzo ya pasukulu, aziyesa kulemba masewero ake, aphunzire kujambula ndi kulumikiza kanema ngakhale pa foni. Ndinene mosabisa kuti mafilimu kuno kwathu sapereka malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo ambiri amene mumawaona pa wailesi ya kanema ali ndi ntchito ina yowadyetsa.

Chinanso, wina akadzabwera n'kunena kuti ndi wopanga mafilimu, akufuna akamuyese ku malo ogona alendo ku Senga Bay, mwanayo asadzapite yekha. Nsaluyo ibwezedwe sabata yomwe ino. Atsibweni ake akaitule mwaulemu, akawauze kuti mwana ali pa sukulu.