Chifefe kuseri kwa chitseko? Ayi achimwene, mu sefu

Achimwene, mwati muli ndi permanent residence, mukukhala pa puloti kunja kwa Johannesburg, ndipo achifwamba athyola kale kawiri kwa aneba. Ndiye mukufuna chifefe choti muzichiimika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, zipolopolo zili kale m'kati. Za chifefezo sindikukutsutsani, nanenso ndili nacho. Koma za kuseri kwa chitsekozo iwalani.

Lamulo la kuno ku Joni, Firearms Control Act ya 2000, limafuna kuti mfuti ikhale pathupi panu kapena mu sefu yovomerezeka, yomanga kukhoma kapena pansi ndi mabawuti. Ikabedwa chifukwa munaitsamiritsa pakhoma, mlandu ukhala wanu. Laisensi yodzitetezera ndi ya section 13, mfuti imodzi basi: pistol kapena chifefe chosadzilowetsa chokha chipolopolo. Cha pampu, chimene mumakoka ndi kukankha ndi dzanja kuti chipolopolo chilowe, ngati Mossberg 500 kapena Remington 870 chikukwanira. Muyambe mwakaphunzira kwa aphunzitsi ovomerezeka, kenaka satifiketi ya competency (yotsimikiza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti) pa fomu yakupolisi ya SAPS 517, laisensi pa SAPS 271, zonse kudzera kwa DFO, wapolisi woona za mfuti kupolisi ya kwanuko. Laisensiyo ndi ya zaka 5, ndipo pempho loiwonjezera lizipita kutatsala masiku osachepera 90. Tsiku limenelo lilembeni pakalendala, ambiri amagwera pamenepo.

Changa chimakhala mu sefu ya kuchipinda, masitepe awiri kuchokera pabedi. Zipolopolo zili mu chubu cha pansi chija, m'chamber (mmene chipolopolo chimakhala pochiwomba) mulibe kanthu, safety ili yotseka. Kiyi ndimagona naye m'khosi. Musamuike mu dilowa, ana amadziwa dilowa iliyonse ya m'nyumba kuposa inu. Mudzati kutsegula sefu kuchedwetsa. Zoona, kumadya timasekondi, koma timasekondi timeneto ndi timene mutu umadzukira kutulo.

Ndikunena zimene zinandionekera. Tsiku lina magetsi atazima, cha m'ma 2 koloko usiku, ndinamva chitseko cha kukhitchini chikugwedezeka. Agalu anauwa kawiri n'kukhala chete, koma ine ndi mantha sindinaganizeko kuti chete ameneyo akutanthauza chiyani. Ndinatulutsa mfuti, manja ali njenjenje, n'kuima pakhonde la m'kati. Nditawalitsa tochi ndinaona mwana wa mchemwali wanga, chikwama kumsana, thumba la ufa ndi usipa m'manja. Basi yochokera ku Blantyre inafika ku Park Station mochedwa, foni yake itathima, ndipo ankayesa kiyi amene ndinamupatsa ndekha chaka chathacho. Mpaka lero ndikamuona akudya nsima pakhomo panga, m'mimba mumandizizira.

N'chifukwa chake ndimati gulani tochi yabwino musanagule bokosi lachiwiri la zipolopolo. Chimene simunachione ndi maso musachiwombere, ndipo musawombere kudzera pachitseko. Tonse tikukumbukira Oscar Pistorius, amene pa 14 February 2013 ku Pretoria anawombera pachitseko cha chimbudzi n'kupha Reeva Steenkamp. Komanso makhoti a kuno salola kupha munthu chifukwa cha katundu yekha. Wakuba akuthawa ndi TV, musiyeni apite, imbani kupolisi pa 10111.

Bodza lina limene mudzamva pa braai ndi lakuti chifefe sichifuna kulunjika, chimangomwaza. M'nyumba, pa mamita 5, timipira take timakhala tisanabalalike, timagwera malo osaposa chikhatho kwenikweni. Mutha kuphonya bwinobwino. Ndipo zophonyazo zimaboola chitseko, windo, siling'i. Imani pamene mungaime usiku, masana dzuwa likuswa mtengo, muone chimene chili kuseri kwa khoma lililonse ndi chitseko chilichonse. Chipinda cha ana chili mbali iti? Nanga kanyumba ka wantchito?

Kumbali ya kuyeserera, satifiketi ya competency isakunamizeni kuti mwatha. Ine ndimapita ku range, malo ophunzirirako kuwombera, kamodzi pamwezi. Zipolopolo zotsika mtengo zowombera mbalame zija ndi zophunzirira, koma ndisanachoke ndimawombako zingapo za mtundu womwe uli mu sefu, pa pepala, kuti ndidziwe mmene zikumwazikira ndi mmene zikukankhira phewa. Vuto la pampu ndi lakuti munthu ukachita mantha umakoka moperewera, mfuti n'kukakamira. Zinandichitikira mphunzitsi atangondiimira kumbuyo ndi wotchi, palibe ngakhale wakuba. Kokani mpaka kumapeto, kankhani mpaka kumapeto, mwamphamvu, siyisweka. Kunyumba yesererani ndi zipolopolo zabodza zapulasitiki, zenizeni mutazitsekera m'chipinda china, ndipo muyang'ane m'chamber kawiri musanayambe. Chala chisakhudze trigger mpaka mutatsimikiza zowomba.

Alamu auzeni dongosolo lonse: akamva phokoso atenge ana, alowe chipinda chimodzi, akiye, aimbe foni. Inu musamazungulire panja mumdima kusaka anthu, khalani pamene pali banja lanu. Ndipo abale onse amene ali ndi kiyi wa pakhomo panu muwauze lero lomwe kuti akafika usiku aziyamba aimba foni, ikathima aziitana dzina lanu ali kugeti.