Ngati onse amaoneka mofanana, amasiyana pati?

Mtsikana wina wa Fomu 4 wanditumizira imelo. Akuti: "Aphunzitsi anatijambulira amino acid mmodzi pa bolodi n'kunena kuti onse 20 opanga mapuloteni amaoneka choncho. Nanga amasiyana pati?"

Mwanawe, aphunzitsi ako sananame. Pakati pa amino acid aliyense pali atomu imodzi ya kaboni, ndipo kaboniyo ali ndi manja anayi. Dzanja loyamba lagwira gulu la amino, NH2, komwe kuli naitirojeni. Lachiwiri lagwira COOH, ndiye mbali ya asidi imeneyo. Lachitatu lagwira haidirojeni mmodzi. Pamene COOH ya wina yakumana ndi NH2 ya mnzake, madzi amachoka, awiriwo n'kulumikizana, ndipo mkanda ukatalika umasanduka puloteni.

Nkhani yonse yagona pa dzanja lachinayi, lija amalilemba R. Mwa glycine, wamng'ono pa onse, amene wasayansi Henri Braconnot anamupeza mu 1820, R ndi haidirojeni mmodzi basi. Cysteine ndi methionine ali ndi salufa. R wa glutamic acid amakonda madzi, pomwe wa valine amawathawa. Kukonda ndi kuthawa kumeneku ndiko kumapinda mkanda uja kuti ukhale ndi maonekedwe oyenera ntchito yake.

Apa ndi pomwe ine mtima umandigunda ndikamaphunzitsa. Matenda a sickle cell, amene akuvutitsa ana ambiri kuno kwathu, amachokera pa amino acid mmodzi yekha. Mu himogulobini, puloteni yonyamula mpweya m'magazi, muli mkanda wotchedwa beta wa ma amino acid 146. Pa malo a nambala 6 pamayenera kukhala glutamic acid, koma mwa wodwalayo pamakhala valine. Mpweya ukachepa, valine uja pothawa madzi amamatirira ku himogulobini ina, zonse n'kuunjikana ngati ndodo, selo lofiira n'kupindika ngati chikwakwa. Maselo otere amatseka timitsempha, mwana n'kumalira ndi ululu m'mafupa. Wasayansi Vernon Ingram ndiye anaonetsa kusinthaku ku Cambridge, ku England, m'zaka za 1956 ndi 1957.

Ngakhale pa mbale yako R alipo. Thupi limatha kupanga ma amino acid 11, koma 9 otsalawo silingathe, liyenera kuwapeza m'chakudya. Mwa 9 amenewa, chimanga chili ndi lysine ndi tryptophan wochepa. Nyemba, nandolo ndi khobwe zili ndi lysine wambiri koma methionine wochepa, ndipo ameneyu chimanga chili naye wokwanirako. N'chifukwa chake sindisangalala kuona mwana akukulira phala la mgaiwa lopanda kanthu. Likuni phala anasakanizamo soya pa chifukwa chomwechi, ndipo mayi wothira nsinjiro m'phala kapena wopatsa mwana usipa wosinja akuwonjezera zomwe chimanga chasowa.

Pokonzekera mayeso, jambula kaboni ndi manja ake atatu kamodzi kokha, kenako uzingosintha R. Yamba ndi glycine, ubwere kwa alanine amene R wake ndi CH3, ndipo ukafika pa valine ndi glutamic acid uwaike moyandikana.