Mapulani tili nawo, koma makasitomala asowa

Funso: Zikomo akonzi. Tili ndi kampani yojambula mapulani a nyumba ku Blantyre, ndife anthu anayi. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, simenti idakwera ndipo makasitomala ambiri adaimitsa zomanga. Ploti ina imene tidajambulira nyumba pano mwamera chimanga. Kodi tingapeze bwanji ntchito m'mayunivesite?
Wojambula mapulani, Chichiri

Yankho: Bambo, mwayang'ana kolondola. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa patatu, kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, ndipo kulikonse ophunzira akuchuluka kuposa malo ogona. Ambiri amachita lendi tizipinda ku Chikanda ku Zomba kapena ku Ndirande.

Koma ntchito za boma sizibwera pocheza. Lembetsani ku PPDA, bungwe loyang'anira momwe boma limagulira katundu ndi kupereka ntchito kwa makampani, khalani ndi chikalata cha MRA chosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho, ndipo chiphaso chanu cha Board of Architects and Quantity Surveyors chisathe. Werengani matenda m'nyuzipepala sabata iliyonse (ndikutanthauza ma tender, osati malungo!).

Vuto lalikulu ndi loti amafunsa ntchito yofanana nayo imene mudagwirapo. Ngati simunajambulepo labotale kapena laibulale, lowani limodzi ndi kampani yaikulu. Dzina lanu likhale lachiwiri, palibe kanthu.

Ine ndikadayamba ndi makoleji a mipingo ndi ena oyima paokha. A NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, amayendera nyumba zawo asanawavomereze, choncho amafuna wowakonzera makalasi ndi zimbudzi msanga. Pitani mukaonane ndi woyang'anira zomangamanga, mutenge pulani ya hostelo yomangika m'magawo, kuti ndalama zikachepa aime pa gawo loyamba.