Zilankhulo ziwiri sizisokoneza khanda

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wanu wa miyezi 9 asokonezeke poti inu mumamuyankhula Chichewa pomwe bambo ake amamuyankhula Chitumbuka, ndipo agogo akuti achedwa kuyankhula. Mtima m'malo, sasokonezeka ayi.

Khanda limayamba kumva lili m'mimba, cha m'mwezi wa 7, ndipo pobadwa limakhala likuwadziwa kale mawu a mayi ake. Chimene chimandizizwitsa ine n'chakuti mwana wa miyezi 6 amasiyanitsa maliwu a zilankhulo zimene sanazimvepo n'kale lonse. Mu 1984, Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anapeza kuti makanda a m'mabanja oyankhula Chingerezi ankasiyanitsa maliwu a Chihindi, koma pofika miyezi 12 luso lija linali litazilala. Khutu limasunga zimene likumva tsiku ndi tsiku. Umu ndi mmene ana a ku Japan amatayira kusiyana kwa "r" ndi "l", vuto lomwe ifenso limatipeza tikamaphunzira Chingerezi. Wanuyo akusunga maliwu a zilankhulo zonse ziwiri.

Koma chonde, foni ndi TV zisatenge malo anu. Mu 2003 Patricia Kuhl anaonetsa kuti makanda a ku America anatola maliwu a Chitchaina kwa munthu wosewera nawo maso ndi maso, pomwe oonera pa kanema sanatolepo kanthu. Muzicheza naye pomusambitsa ndi pomubereka, akati "ba-ba-ba" mumuyankhe.

Akafika miyezi 12 osacheuka mukamuitana dzina, osabwebweta n'komwe, mukawauze kusikelo amuone makutu.