Tishirimpi tanga tikungofa kamodzikamodzi koma nsomba zili bwinobwino, vuto ndi chani?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena ake a konkuno ku Mangochi, amakhala cha ku boma, ndiye ndati ndiwayankhire pano poti funso lomweli ena anandifunsapo kale. Nkhani yawo mwachidule ili chonchi. Ali ndi kathanki kagalasi ka malita 20, anabweretsa tishirimpi tofiira 15 kuchokera ku Blantyre, tija amati cherry shrimp, ndipo muli tinsomba 4 ta mtundu wa guppy. Masabata atatu oyamba zonse zinali bwino, kenako tayamba kufa, lero tiwiri mawa kamodzi, pano tatsala 6. Nsomba zikusambira ngati palibe chachitika, madzi ali mbee. Thanki ili kuchipinda chogona pafupi ndi windo, ndipo Loweruka lililonse amachotsa theka la madzi nkuthira a pampopi. Akufunsa kuti agule mankhwala anji.

Achimwene, pepani kaye, ndikudziwa mmene zimawawira kudzuka m'mawa nkupeza kena kali gada pansi. Koma chonde musagule mankhwala aliwonse. Mankhwala ambiri a matenda a nsomba amakhala ndi kopa, ndipo kopa kwa shirimpi ndi poizoni ngakhale pa mlingo wochepa, mukathira mumaliza 6 tatsalato usiku umodzi. Komanso sindikukhulupirira kuti muli matenda mmenemo. Ndikuganiza kuti pali chinachake chikulowa m'madzimo, ndipo zoti nsomba sizikufa ndiye chizindikiro chachikulu pa zonse mwalembazi.

Shirimpi si nsomba. Ndi m'bale wake wa nkhanu, ndipo thupi lake limagwira ntchito mofanana kwambiri ndi la tizilombo ngati udzudzu ndi mphemvu. Ndiye zambiri zimene zinapangidwa kuti ziphe udzudzu zimaphanso shirimpi, pa mlingo wochepetsetsa woti guppy akhoza osaonetsa chilichonse. Tsono taganizani, ife kuno ku Mangochi moyo wathu wonse ndi nkhondo ndi udzudzu, koyilo usiku uliwonse, mankhwala opopera aja a m'chitini, neti yonyikidwa m'mankhwala, ndipo inu thanki mwaika kuchipinda chogona kumene zonsezi zimachitikira. Zambiri mwa zimenezi zili ndi mankhwala a gulu la pyrethroid, monga permethrin ndi deltamethrin. Utsi wa koyilo umatera pamwamba pa madzi, ndipo ngati muli ndi kapampu ka mpweya ndiye kakuchita kukoka mpweya wa m'chipindamo nkuupopera mkati mwenimweni mwa madzi.

Ineyo zinandionekera. Thanki yanga yoyamba inalibe chivindikiro, ndiye poopa abuluzi ndi fumbi ndinadula kachidutswa ka neti yakale nkuphimba pamwamba, ndikuona ngati ndaganiza mwanzeru. Nthunzi imanyowetsa neti ija madontho nkumagwera m'madzi. Tsiku lachiwiri madzulo ndinapeza tishirimpi tikuthamanga uku ndi uku ngati tapenga, kena kakuzungulira pamalo amodzi, kena kagwa cham'mbali timiyendo tikungonjenjemera, kakayesa kudzuka nkugwanso. Pofika m'mawa theka linali litapita. Mpaka lero ndikakumbukira timiyendo tija mtima umandipweteka, chifukwa ndinali ine ndemwe ndinaika neti ija. Ndiye funso langa loyamba kwa inu ndi ili: musanatipeze titafa, munationako tikuchita zimenezi? Ngati eya, musafunenso kwina.

Ndipo si neti yophimbira yokha. Ndowa imene mumatungira madzi a thanki, ndi yomweyo amachapiramo kunyumbako? Ngati munachapidwamo neti ngakhale kamodzi, kapena mumasungunulidwa sopo waufa, imeneyo isayandikirenso thanki. Manja anunso, ngati mwagwira koyilo, mwadzola mafuta othamangitsa udzudzu, kapena mwathira mankhwala a anankafumbwe m'matumba a chimanga kenako nkupisa dzanja m'madzi kukonza kamwala, basi zakwana. Apa ndinene momveka bwino, sindikuti musiye kugona mu neti kapena mukanize anthu opopera mankhwala a malungo m'nyumba akabwera, ayi ndithu, malungo kuno amapha anthu. Chosuntha ndi thanki. Ipite pabalaza kapena chipinda china chomwe simuyatsamo koyilo, ndipo tsiku lopopera ituluke m'nyumbamo.

Chachiwiri chomwe ndikuchikayikira kwambiri ndi Loweruka lanulo. Tayesani kukumbukira, kodi imfa zambiri sizikuchitika Lamulungu ndi Lolemba? Madzi a pampopi amathiridwa klorini kuti ife anthu tisadwale, ndipo ndi bwino kutero, koma klorini yemweyo amawotcha timakha topumira ta shirimpi. Enanso chichokereni kolera ija ya 2022 ndi 2023 tinazolowera kuthira klorini kapena WaterGuard mu ndowa zakumwa, madzi amenewo ndiye asalowe n'komwe mu thanki. Njira yake ndi yosavuta, tungani madzi musiye mu ndowa yosavindikira masiku awiri, kapena mugule timadzi tochotsa klorini tija amati dechlorinator kwa ogulitsa za nsomba, timeneto ndiye todalirika kuposa kungodikira.

Koma ngakhale klorini atachoka, theka ndi lambiri achimwene. Mu malita 20 mukachotsa 10 nkukhuthulira 10 atsopano kamodzi, kutentha kwa madzi kumasintha, mchere wa m'madzi umasintha, zonse mu mphindi imodzi. Guppy amapirira zimenezo. Shirimpi ikadzidzimuka chonchi imafundula nthawi yake isanakwane, chigoba chatsopano chisanakonzeke mkati, ndiye imakanirira pakati nkufa. Mukatola kakufako kayang'anitsitseni pa kuwala, mukaona kamzere koyera kozungulira thupi kuseri kwa mutu ngati kavala mkanda, dziwani kuti kanalephera kufundula. Ine ndimasintha malita 2 kapena 3 okha pa sabata mu thanki ya saizi yanuyo, ndipo sindikhuthula, ndimaika chigubu pamwamba nkulowetsa madzi ndi kapaipi kopyapyala ka mpweya kaja, nditamanga mfundo kuti azingodontha. Zimatenga ola lathunthu koma ndimakhala ndikuchita zina.

Apa ndipatukeko pang'ono chifukwa ena amalira maliro a chinthu chamoyo. Chigoba chofundula chimaoneka ngati shirimpi yathunthu, ndevu ndi miyendo zonse, koma chimakhala choyera choonekera mkati ngati pulasitiki, chopanda kanthu. Chimenecho musachotse, amadya okha kuti abwezeretse kashiamu. Yakufa zenizeni imakhala ndi mnofu ndipo imasanduka pinki ngati yophika. Werenganinso bwino, mwina muli ndi toposa 6, ena amabisala masiku angapo akangofundula.

Pa nkhani ya madzi omwewa, wina akhoza kukuuzani kuti ingotungani a pa mjigo poti alibe klorini. Samalani, mijigo ina kuno madzi ake ndi amchere, mumamva ndi pakamwa pomwe, ndipo ngati tishirimpi tanu tinaleredwa m'madzi ena ku Blantyre kusinthako kukhala kwakukulu. Sankhani gwero limodzi nkukhala nalo. Mtundu mwagulawu, dzina lake la sayansi ndi Neocaridina davidi, kwawo ndi ku Taiwan ndi China, ndi wopirira ndithu, umakhala bwino pa pH (muyeso wa asidi wa m'madzi) kuyambira 6.5 mpaka 8, chimene sufuna ndi kusinthasintha.

Tsopano kutentha, poti tikukamba za Mangochi. Tishirimpi timeneti timasangalala pa madigiri 22 mpaka 26. Okutobala ndi Novembala wathu uja kunja kumapitirira 35, m'nyumba ya malata yopanda siling'i ndiye musanene, ndipo kathanki ka malita 20 kali pa windo kamatentha msanga ngati poto. Madzi akamatentha mpweya umachepamo, pa madigiri 20 lita imodzi imasunga mamiligalamu 9 a okosijeni koma pa 30 amatsika kufika 7 ndi theka, pomwe nthawi yomweyo zamoyo zonse mmenemo zikupuma mothamanga. Usiku zomera nazo zimasiya kutulutsa okosijeni nkuyamba kumugwiritsa ntchito, ndiye magetsi akazima pakati pa usiku pampu nkuima, mbandakucha ndi pamene zinthu zimafika poipa. Mukamapeza takufa m'mawa okhaokha, ndipo tamoyoto taunjikana pamwamba pafupi ndi fyuluta, ganizirani zimenezi. Gulani kathemomita, sikodula. Chotsani thanki padzuwa. Kafani kakang'ono kowuzira pamwamba pa madzi kamatsitsa madigiri awiri kapena atatu, ndipo kapampu ka mpweya ka USB kolumikiza ku power bank kanandipulumutsira thanki kangapo. Madzi oundana musaponyemo mwachindunji, kuzizira kwadzidzidzi nakonso kumapha.

Mwanena kuti madzi ali mbee. Kuyera kwa madzi sikutiuza kanthu, amoniya, poizoni wochokera ku zonyansa za mu thanki, saoneka ndi maso. Simunandiuze kuti thanki inakhala nthawi yaitali bwanji musanaikemo zamoyo, koma ngati munadzaza madzi lero mawa nkuika, ndiye masabata atatu aja akugwirizana ndendende ndi nthawi imene thanki yatsopano imavuta. Ndowe ndi zakudya zotsala zimatulutsa amoniya, mabakiteriya abwino a mu fyuluta amamusandutsa nitrite kenako nitrate, koma kuti mabakiteriyawo achuluke pamafunika masabata 4 mpaka 6. Ndipo kwathu kuno amoniya ndi woopsa kuposa kwina, chifukwa madzi a m'dera la nyanja yathuyi pH yake imakhala cha m'ma 8, ndipo pa pH 8 gawo la amoniya lomwe limapha limachuluka pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi pa pH 7, kutentha nkuwonjezeranso. Mukapeza test kit, zida zija zoyezera madzi, amoniya ndi nitrite ziwerenge 0, osati pang'ono, 0. Siponji ya fyuluta musamachape pampopi, mumapha mabakiteriya aja, ifinyeni m'madzi omwe mwachotsa mu thanki. Chakudya chepetsani, tishirimpi 6 timakhuta ndi ndere za pamiyala, kachidutswa kochepa ngati njere ya mpunga kawiri pa sabata nkokwanira.

Kanthu kena kachidule, ngati munatola zomera ku Shire kapena ku Malombe, usiku wina muunike ndi tochi. Ana a tombolombo amabwera atabisala m'mizu, ndi abulauni, amakhala duu pansi ngati kachinyalala, ndipo amagwira tishirimpi kamodzikamodzi. Koma amenewo nthawi zambiri sasiya mtembo wathunthu, ndiye kwa inu ndawaika kumapeto.

Ndikanakhala ine lero lomwe ndikanachita izi. Thanki ituluke kuchipinda, muchepetse madzi kaye ponyamula kuti galasi lisang'ambike, madziwo muwasunge mu chigubu choyera muwabwezeremo. Mugule ndowa yatsopano mulembepo kuti ya nsomba, aliyense pakhomopo adziwe. Mu fyuluta muikemo activated carbon wa ku shopu ya nsomba, amayamwa mankhwala otsalira, makala a pa mbaula sangagwire ntchito imeneyo. Loweruka likubwerali musinthe malita 2 okha modontheza. Musagule tishirimpi tina mpaka patadutsa mwezi wathunthu popanda kufa kena, ndipo ngati mwa 6 tatsalato muli kakakazi konyamula mazira achikasu kunsi kwa mimba, pakatha masabata atatu kapena anayi muona tiana, muike ndere kapena zomera zothithikana kuti maguppy asatidye.

Mundilemberenso Lachisanu, mundiuze ngati mumayatsa koyilo kapena kupopera kuchipindako, masiku enieni amene tinafa, ndi chimene themomita ikuwerenga 2 koloko masana komanso 5 koloko m'mawa. Kakafanso kena mukajambule pafupi musanakataye, makamaka kuseri kwa mutu.